Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Victoria: njanji ya Upfield isadikirenso

Olemekezeka Nduna Yaikulu ya boma la Victoria, a Nduna oona za zomangamanga pa nkhani za mtengatenga, ndi inu akuluakulu a Level Crossing Removal Project, nthambi ya boma yochotsa malo amene msewu umadutsana ndi njanji,

Ndine mmodzi mwa anthu okhala kumpoto kwa mzinda wa Melbourne, ku Australia, amene ulendo wawo wa tsiku ndi tsiku umadalira sitima ya pa njanji ya Upfield. Mu Seputembala 2022 boma lanu linalengeza kuti pofika 2027 lidzakhala litachotsa malo 8 amene msewu umadutsana ndi njanji ku Brunswick ndi ku Parkville: pa Albion Street, Hope Street, Victoria Street, Albert Street, Dawson Street, Union Street, Brunswick Road ndi Park Street. Njanji idzakwezedwa pa mlatho wautali, magalimoto ndi anthu n'kumadutsa pansi. Tinakondwa. Koma mu Meyi 2024, powerenga bajeti, chaka chija chinasunthidwa kufika 2030. Ndalemba kalatayi kupempha kuti chisasunthenso, komanso kuti zaka zimene mwawonjezerazi muzigwiritse ntchito kukonza zinthu zimene zikapanda kukonzedwa, mlathowo udzakhala wokongola koma wopanda phindu lenileni.

Ndiyambe ndi kuyamika, chifukwa choyamika chilipo. Pamene a Daniel Andrews, amene pambuyo pake anakhala Nduna Yaikulu, ankalonjeza pa chisankho cha 2014 kuti achotsa malo 50 oterewa, ambiri anangoti ndi nkhambakamwa za kampeni. Ntchito inayamba. Pa Burke Road ku Glen Iris mageti otseka msewu sitima ikamadutsa anachoka kumayambiriro kwa 2016, ndipo chaka chomwecho anachokanso pa Main Road ku St Albans, malo amene anatenga miyoyo ya anthu ambiri kwa zaka zochuluka. Mu 2018 malo 9 pakati pa Caulfield ndi Dandenong anachotsedwa pokweza njanji m'mwamba, ndipo pansi pomwe panali mipanda ndi miyala pano pali mabwalo a masewera ndi njira ya njinga. Chiwerengero chinakwera kuchoka pa 50 kufika pa 75, kenako 85, ndipo tsopano ndi 110 pofika 2030. A Jacinta Allan anayendetsa ntchitoyi ali nduna kwa zaka zambiri asanakhale Nduna Yaikulu mu 2023, choncho m'boma lanu mulibe amene angati nkhaniyi ndi yachilendo kwa iye. Ifenso akuno tinalawako. Mu 2020 mageti anachoka pa Bell Street, Munro Street, Reynard Street ndi Moreland Road, ndipo masiteshoni atsopano a Coburg ndi Moreland anatsegulidwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Aliyense amene ankadziwa Bell Street kale, msewu wodutsa magalimoto oposa 40,000 pa tsiku, akudziwa kuti kusiyana kwake n'kwakukulu.

N'chifukwa chake kuchedwa kwa Brunswick kukupweteka. Taona ndi maso athu kuti mumatha.

Mundilole ndifotokoze mmene kuthithikana kwa magalimoto kumayambira ku Brunswick, chifukwa papepala pamangooneka manambala. Akuluakulu a ntchitoyi amanena okha kuti magalimoto pafupifupi 70,000 amadutsa pa malo 8 amenewa tsiku lililonse la ntchito, ndipo kuti m'mawa mageti amatha kukhala otseka mphindi zokwana 30 mukaziphatikiza. Wina angati mphindi 30 n'zochepa poyerekeza ndi njanji ya ku Dandenong, kumene mageti ankatseka kupitirira ola lathunthu pa maola awiri a m'mawa. N'zoona. Koma Brunswick ili ndi vuto lakelake. Njanji imayenda moyandikana ndi Sydney Road, kutalikirana kwake n'kongoyenda pansi mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo misewu yonse yopita kummawa kapena kumadzulo iyenera kudutsa ziwirizi motsatizana. Belu likalira, mageti n'kutsika, mzere wa magalimoto sukhala ndi kotambasukira. Umabwerera mpaka pa maloboti a Sydney Road. Wofuna kukhota amaima pakati pa msewu, ndipo kumbuyo kwake kumaima tram ya nambala 19, sitima yaing'ono ija yoyenda mumsewu, itadzaza anthu amene alibe nazo ntchito za geti. Pamene siteshoni ili pafupi ndi msewu, geti limatsika sitima isanafike, n'kukhalabe chotsika pomwe anthu akutsika ndi kukwera. Ikatulukira ina kuchokera mbali inayo, geti silikweranso mpaka zonse ziwiri zitapita. Geti likakwera, maloboti amakhala atafiira. Mabasi odutsa m'misewu imeneyi amataya nthawi yawo pamenepo, ndipo amene amafuna kutsika basi kuti akwere sitima amaiona ikunyamuka ali pa windo.

Palinso china choposa kuchedwa. Munthu amene waima nthawi yaitali amayamba kuganiza molakwika. Woyendetsa galimoto amalowa pa njanji asanaone ngati kutsogolo kuli malo otulukira. Mwana wa sukulu amaona sitima yoyamba yapita n'kuthamanga, osadziwa kuti ikubwera yachiwiri. Wanjinga amazemba geti. Pa malo otere ngozi sifuna munthu woipa, imangofuna munthu wochedwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Ndikuopa kuti m'maganizo a anthu ambiri, mwina ndi m'maofesi anu momwe, ntchitoyi yasanduka ya magalimoto okha: chotsani geti, msewu uyende. Kwa miyezi yoyamba zimaterodi. Koma msewu ukayamba kuyenda bwino, amene ankauzemba amabwereramo, amene ankanyamuka m'bandakucha amayamba kunyamuka nthawi ya aliyense, ndipo mzere umene unali pa geti umangosamukira pa maloboti otsatira. Pitani pomwe Bell Street imakumana ndi Sydney Road madzulo, mukaona kuti magalimoto akadali mbwee, ngakhale geti kulibe. Sindikunena kuti ntchito ya ku Coburg inapita pachabe, ayi. Ambulansi siimanso kudikira sitima, ndipo zimenezo zokha n'zamtengo wapatali. Ndikunena kuti Brunswick ndi dera lakale, la misewu yopapatiza, lomwe nyumba zosanja zikumera chaka ndi chaka m'mbali mwa njanji. Mulibe malo okulitsira misewu, ndipo palibe akufuna kuti muikulitse. Njira yokha yochepetsera magalimoto kumeneko ndi yakuti anthu ambiri aone kuti kukwera sitima n'kwanzeru kuposa kutulutsa galimoto.

Apa ndi pamene pagona phindu lenileni la kuchotsa mageti. Geti likakhalapo, sitima iliyonse imene mwawonjezera ndi mphindi zina zimene mwalanda msewu, choncho okonza ndondomeko ya maulendo amakhala omangika manja. Geti likachoka, sitima zikhoza kudutsa pafupipafupi popanda kuimitsa aliyense. Mlatho ndi khomo lotsegukira sitima zambiri. Funso langa ndi lakuti: kodi sitimazo zidzabwera?

Lero pa njanji ya Upfield sitima imabwera pafupifupi mphindi 20 zilizonse, ndipo ngakhale nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito kusiyana kwake n'kochepa. Imeneyi ndi njanji yodutsa m'madera odzaza anthu, pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chodziwika kwa aliyense: kuchokera pa siteshoni ya Gowrie kukafika ku Upfield njanji ndi imodzi yokha. Zili ngati mlatho wa mtengo umodzi pa mtsinje wa kumudzi: wina akakwerapo, wa tsidya linalo ayenera kudikira mpaka mnzake atatsika. Sitima yopita ikachedwa, yobwera imachedwanso, ndipo kuchedwako kumayenda ndi njanji yonse. Zikavuta kwambiri sitima imabwezedwa isanafike kumapeto kuti nthawi ibwerere m'malo, ndipo amene amasiyidwa pa pulatifomu ndi anthu a ku Fawkner, Gowrie ndi Upfield, omwe ndi amene ali ndi njira zochepa zoyendera. Ambiri mwa iwo ndi ogwira ntchito za mashifiti: m'zipatala za ku Parkville, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale a ku Campbellfield, m'makhitchini a m'tauni. Pakati pawo tilipo ife ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, pamodzi ndi anzathu a maiko ena ambirimbiri amene anapeza lendi yotsikirapo kumpoto kuno. Kwa munthu amene shifiti yake imayamba 7 koloko m'mawa, sitima imodzi ikalephereka ndiye kuti wadikira mphindi 40. Zikamuchitikira kangapo, amakatenga ngongole n'kugula galimoto, ndipo galimotoyo ndi imene mudzaipeze pa mzere wa pa Brunswick Road.

Kwa zaka zambiri tinkauzidwa kuti vuto lina lili m'tauni, kuti njanji ya pansi pa nthaka ya City Loop n'njodzaza chifukwa sitima za Upfield zimagawana njira imodzi ndi za Craigieburn ndi za Sunbury. Njanji yatsopano ya pansi pa nthaka ya Metro Tunnel inatsegulidwa kumapeto kwa 2025, ndipo sitima za Sunbury zapatsidwa njira yawoyawo. Mpata wapezeka. Chatsala ndi mbali ya kuno: njanji yachiwiri pakati pa Gowrie ndi Upfield, kapena poyambira, malo abwino otembenukira sitima kuti zambiri zizitha kuyenda mbali imene njanji zili kale ziwiri. Poyerekeza ndi mlatho wa makilomita awiri pakati pa nyumba za anthu, imeneyi ndi ntchito yaing'ono. Ndikupempha kuti iikidwe mu bajeti tsopano ndipo ithe mlatho wa Brunswick usanathe, kuti tsiku limene geti lomaliza lidzazulidwe, ndondomeko ya sitima pa mphindi 10 zilizonse idzakhale yokonzeka.

Mukudziwa bwino kuposa ine zimene ofesi ya Auditor-General, yofufuza mmene ndalama za boma zikuyendera, inapeza mu Disembala 2017. Inati mtengo wa malo 50 oyambirira unali utakwera kufika pa madola 8.3 biliyoni, kuti si onse mwa malowo amene anali oopsa kapena othithikana kuposa ena, ndiponso kuti mwa kuwerengera kwa boma lenilenilo, dola iliyonse yolowa inkabweza phindu la masenti 78. Otsutsa amagwiritsa ntchito lipotilo kunena kuti ntchito yonse ndi kusakaza chuma. Ine sindikugwirizana nawo, chifukwa moyo wa munthu amene sanagundidwe ndi sitima suoneka bwino m'mawerengero otere. Koma phunziro lake ndi lomveka: mlatho pawokha subweza ndalama zake. Umabweza pamene pamwamba pake payenda sitima zambiri. Boma limene lili ndi ngongole yaikulu ngati lanu liyenera kukhala loyamba kufuna kuti dola iliyonse igwire ntchito yonse imene ingathe.

Nkhani yachiwiri ndi ya miyezi ya zomangamanga. Walira mvula walira matope, ndipo ife matopewo tawavomera. Mu 2020 mbali ina ya njanjiyi inatsekedwa kwa miyezi pafupifupi itatu, koma nthawi imeneyo inali ya mliri wa Covid-19, anthu ambiri ali m'nyumba. Ulendo uno sizidzakhala choncho. Anthu onse a sitima adzatsanulidwira pa mabasi ndi pa tram ya 19, mumsewu womwewo umene uli wodzaza kale. Ndipo pali gulu limene silidzatha n'komwe kukwera tram imeneyo. Pa Sydney Road, kuchokera cha ku Brunswick Road mpaka kumapeto kwa njira ku Coburg North, mtunda wa makilomita oposa 5, palibe pokwerera pokwezedwa pomwe munthu wa pa njinga ya aulumali angalowe mu tram popanda kunyamulidwa. Tram yotsika pansi ikhoza kubwera, koma imaima pakati pa msewu, ndipo kuchokera pa phula kufika pa khomo pali sitepe imene njingayo singakwere. Mayi wokankha mwana pa chikuku amavutika chimodzimodzi, agogo oyenda ndi ndodo chimodzimodzinso. Malamulo a dziko la Australia anaika mapeto a 2022 ngati nthawi imene malo onse okwerera tram anayenera kukhala ofikirika kwa aliyense, ndipo nthawiyo inadutsa. Lipoti la Auditor-General la 2020 linapeza kuti maulendo 15 okha pa 100 alionse a tram ndi amene anali ndi zonse ziwiri, tram yotsika ndi pokwerera poyenera. Lero munthu waulumali wa ku Brunswick kapena ku Coburg amadalira sitima. Mukadzatseka njanji musanakonze Sydney Road, mudzamutsekera m'nyumba. Anthu aulumali a m'derali akhala akuchita misonkhano ndi zionetsero pa nkhaniyi, ndipo khonsolo ya derali ya Merri-bek yalankhulapo. Pamene munasuntha chaka kuchoka 2027 kufika 2030 munadzipatsa nthawi yokwanira yokonzera zimenezi. Eni mashopu a pa Sydney Road ali ndi nkhawa ya malo oimika magalimoto, ndipo nkhawa yawo imveke, koma isakhale chifukwa chosiyira anthu ena panja.

Chimodzimodzinso njira ya njinga ya m'mbali mwa njanji. Ndi yopapatiza, pena munthu ndi njinga amachita kupanikizana ndi mpanda, koma imanyamula anthu ambiri m'mawa uliwonse amene akanakhala m'magalimoto. Idzatsekedwa nthawi ya ntchito, mwina kwa nthawi yaitali kuposa njanji yeniyeniyo. Kungoika zikwangwani zolozera anjinga m'timisewu tokhotakhota sikokwanira, chifukwa adzathera pa Sydney Road, pakati pa tram ndi zitseko za magalimoto oimikidwa. Pakhale njira ina yotetezedwa, yokonzedwa ntchito isanayambe.

Za masiteshoni ndili ndi maganizo awiri, ndipo ndinena onse. Mu 2024 munalengeza kuti Jewell, Brunswick ndi Anstey adzalowedwa m'malo ndi masiteshoni awiri atsopano. Ndikumvetsa chifukwa chake: atatuwa ndi oyandikana kwambiri, ndipo sitima yoima kawiri m'malo mwa katatu imafika msanga kwa ife okhala kumpoto. Munachitanso zotere kummawa kwa mzinda, pomwe Surrey Hills ndi Mont Albert anaphatikizidwa kukhala siteshoni ya Union mu 2023. Koma mamita 200 kapena 300 owonjezera, amene kwa mnyamata si kanthu, kwa munthu wodwala nyamakazi ndi ulendo. Ngati masiteshoni achepa, aliyense akhale ndi makomo mbali zonse ziwiri, zikepe zokwanira kuti chimodzi chikafa china chizigwira ntchito, ndi poimira basi pomwe munthu angatsike n'kulowa osawoloka msewu. Ndipo mabanja amene nyumba zawo zidzagulidwe ndi boma kuti ntchito ipite patsogolo auzidwe zoona msanga. Kukhala zaka zingapo m'nyumba imene sungaigulitse kapena kuikonza chifukwa sukudziwa tsiku lochoka ndi chilango chimene kuchedwa kwanu kwawonjezera.

Musaiwale zimene zinachitika ku Gandolfo Gardens pafupi ndi siteshoni ya Moreland kumayambiriro kwa 2020, pamene mitengo ikuluikulu yambiri inagwetsedwa anthu akulira ndi kuchita zionetsero. Yatsopano inabzalidwa, koma mthunzi wa mtengo wa zaka 100 subwera ndi mbande. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1884, ndipo inatsala pang'ono kutsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990. Anaipulumutsa ndi anthu a m'derali. Mpaka cha m'ma 1990 mageti ena kuno ankatsekedwa ndi manja, ndipo tinyumba ta alonda a mageti ndi nyumba zakale za masiteshoni zikadalipo. Ku Coburg ndi ku Moreland munasunga nyumba zakalezo, ndipo munachita bwino. Anthu amene anamenyera njanjiyi nkhondo ali ndi ufulu woona mapulani nthawi ikadalipo yowasintha.

Pomaliza, mageti a ku Brunswick akadzachoka, njanji ya Upfield idzakhala isanamasuke yonse. Mwa ena, kumpoto kudzatsala Gaffney Street, Bakers Road, Boundary Road ndi Box Forest Road, ndipo kummwera Macaulay Road ndi Arden Street. Sitima zikadzachuluka monga ndikupemphera, mageti amenewa adzatseka kawirikawiri kuposa lero, ndipo mzere umene mwauchotsa ku Brunswick udzaonekera kwa anthu a ku Coburg North ndi ku Fawkner, omwe mawu awo safika msanga m'manyuzipepala. Sindikuyembekeza kuti muchotse onse nthawi imodzi. Ndikupempha kuti munene poyera dongosolo lake: ati adzatsatira, ndipo mwawasankha poyeza chiyani.

Zimene ndikufuna kuona, olemekezeka, ndi masiku olembedwa ndi ndalama zoikidwa pambali: mwezi umene ntchito ya Brunswick idzayambe ndi kutalika kwa nthawi imene njanji idzatsekedwe, mwezi umene malo okwerera tram pa Sydney Road adzakhale atatha, ndi chaka chimene njanji yachiwiri idzafike ku Upfield. Muziike m'mabuku a bajeti, momwe phungu aliyense ndi nzika iliyonse ingathe kuziwerenga ndi kukufunsani.

Ine wanu,
Wokwera sitima ya Upfield, wokhala kumpoto kwa Melbourne